Aneba akuweta ng'ona ndi chinsato kuseli kwa nyumba, lamulo likuti bwanji?

Make_Tadala_Moatize:

Abale ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndimakhala ku Moatize kuno, bairo sinditchula chifukwa ena mwina mukundidziwa. Aneba anga ndi dalaivala wa thiraki, amayenda njira ya Joni kudzera ku Cuchamano, ndiye chaka chatha anabwera ndi kamwana ka ng'ona kakang'ono ngati dzanja langali, akuti anakagula kwa asodzi ku damu. Anakamangira thanki ya simenti kuseli kwa nyumba, ife tinkangoseka kuti iii koma bambo awa, ana a mu bairo kumapita kukaonera ngati vidiyo. Pano chinthu chija chakula chapitirira mita imodzi ndipo usiku chimalira mawu oipa, nkhuku zanga ziwiri zinalowa kumeneko sizinabwere.

Ngati sizikukwana mwezi wathawu abweranso ndi chinjoka, nsato koma si nsato yathu ija ya m'mapiri ayi, iyi ndi yachikasu ndi zoyera, maso ofiira, akuti ndi ya kunja anaigula kwa mzungu wina ku Joni. Imakhala mu bokosi la galasi pa khonde, chivundikiro chake anangotsamiritsa njerwa ziwiri basi. Mpanda wa pakati pathu ndi wa mabango ndipo ine ndili ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 2 amakwawira paliponse.

Ndinakawauza mwaulemu kuti bambo, mvula ikubwera, madzi akadzaza thankiyi chinthuchi chidzatuluka, anandiyankha kuti ndi pakhomo pawo ndalama ndi zawo, galu wanga wakuda uja ndiye oopsa kuposa ng'ona yawo. Amuna anga akuti ndisiye tisadane ndi aneba, poti pa maliro a apongozi anga bambo omwewa ndi amene anatithandiza galimoto ulere. Ndiye funso langa ndi ili, kodi kuno ku Mozambique munthu amaloledwa kuweta zinthu zimenezi pakhomo? Ngati nkosaloledwa ndikanene kuti, kupolisi kapena kwa sekeretaliyo wa bairo? Sindikufuna munthu amangidwe ayi ndikungofuna zichoke.

Nyamatcherenga88:

Kkkkk amayi inu mukufunsa za lamulo? Munthu woweta njoka pakhomo kwathu ku Tsangano timadziwa kale kuti nchiyani chimenecho. Funsani kaye kuti thiraki yachiwiri anaigula liti, muona kuti masiku ake akugwirizana ndi kubwera kwa njokayo. Samalani ana, zimenezo zimadya pa chaka kamodzi.

WakuSongo:

Achimwene a pamwambapa, tiyeni tisayambe zimenezo, mawu ngati amenewa ndi amene amaotchetsa nyumba za anthu. Ndinaonapo agogo ena kufupi ndi ku Chitima atathamangitsidwa pamudzi ati ndi eni ake a ng'ona imene inagwira mtsikana pa dooko, pomwe ng'onayo inali ng'ona basi ya mu Zambezi yanjala.

Amayi a Tadala, ine ndagwirapo ntchito pa famu ya ng'ona m'mbali mwa Cahora Bassa zaka zinayi ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso. Ng'ona imaswa ili pafupifupi masentimita 30, kokongola ndithu kamalira ngati kamwana ka bakha, ndipo apa mpamene anthu amapusitsika. Ikamadya bwino ndi kukhala pofunda, ndipo ku Moatize kutentha simusowa, imakula msanga kwambiri, pa famu tinkazipha zikafika mita ndi theka kapena kuposerapo pang'ono chifukwa cha chikopa cha pamimba, sitinkadikira kuti zikule ayi. Yamphongo ikasiyidwa imafika mamita 4 ena mpaka 5 ndipo imakhala zaka zoposa 50, kutanthauza kuti aneba anuwo adzafa ng'ona ikadalipo, ndiye adzaisiyira ndani? Ya mita imodzi imene mukunenayo munthu wamkulu singamuphe koma dzanja imathyola ndithu, ikaluma sikuti imangoluma imazungulira thupi lonse kuti idule, ndipo mkamwa mwake ndi mwa uve chilonda chake chimavuta kupola. Mwana wa zaka 2 nde musayerekeze dala.

China chimene anthu sadziwa, ng'ona yaing'ono imakwera. Eee imakwera waya, imakwera ngodya ya khoma ngati simenti yake ndi yokhakhala. Ife makoma athu anali osalala, pamwamba opindikira mkati, kenako mpanda wina kunja, zipata ziwiri, m'mawa uliwonse kuwerenga. Komabe ndi zonsezo zina zinkapezeka kunja. Ndiye thanki ya kuseli kwa nyumba yomangidwa ndi mmisiri wa zimbudzi? Mukukumbuka Januwale wa 2022 mmene namondwe uja wotchedwa Ana anachitira, Revúbuè kudzaza mpaka kugumula mlatho, madzi kulowa m'mabairo. Tsiku ngati limenelo thankiyo imasanduka dziwe limodzi ndi bwalo lanu. Ku South Africa mu Januwale 2013 Limpopo atasefukira, famu ina inatsegula zipata kuopa kuti makoma agwa, ng'ona pafupifupi 15,000 zinalowa mu mtsinje, ina anakaipeza pa bwalo la mpira la sukulu. Amenewo anali anthu a ndalama zawo odziwa ntchito.

Ndipo palibe ng'ona imene imazolowera munthu, bodza limenelo. Imazolowera nthawi ya chakudya basi. Mnzanga wina tinkagwira naye anazidyetsa zaka zitatu, tsiku lina anatsetsereka pa simenti yonyowa, pano chala chachikulu ndi chinzake alibe.

Mphunzitsi_Ulongwe:

Mayi, funso lanu lili pawiri chifukwa nyamazo nzosiyana pamaso pa lamulo, ndiye ndiyankha mmene ndikudziwira.

Ng'onayo ndi nyama ya m'dziko muno. Kuno kwathu nyama zakutchire mwini wake ndi boma, ngati mmene ilili nthaka, munthu sungangotola mwana wa ng'ona pa mchenga nkunena kuti ndi wanga chifukwa ndamugula kwa msodzi. Msodziyo analibe mphamvu yogulitsa. Mafamu amene akunena achimwene a ku Songo amatola mazira ndi chilolezo, pali chiwerengero chimene amapatsidwa, ndipo zikopa zikamatuluka kunja zimayenda ndi mapepala a CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe, Mozambique inalowamo mu 1981. Ofesi imene imaona zimenezi ndi ANAC, ija imayang'anira mapaki ngati wa Mágoè umene unakhazikitsidwa mu 2013. Lamulo lalikulu ndi nambala 16/2014, linakonzedwanso ndi 5/2017, ndipo pokonzapo mpamene anaikamo zaka 12 mpaka 16 za ndende kwa opha, osunga, onyamula kapena ogulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Anthu amaganiza kuti zimenezi nza minyanga ya njovu ndi chipembere zokha, koma onani anyamata angati amangidwa kuno ku Tete chifukwa cha nkhaka imodzi, kanyama ka mamba thupi lonse kaja, mu thumba.

Njokayo ndiye nkhani ina. Mmene mwaifotokozera, yachikasu ndi yoyera maso ofiira, ikuoneka ngati nsato ya ku Burma ya chialubino, imene azungu amakonda kuweta. Nsato zonse zili pa mndandanda wa CITES, ndiye kuti idutse malire imafunika pepala lotulutsira kuchokera ku South Africa, chilolezo cholowetsera kuno, ndi pepala la dokotala wa ziweto. Inuyo mukuganiza kuti munthu amene watsamiritsa njerwa pa chivundikiro ali ndi mapepala atatu amenewo? Inadutsa Beitbridge ndi Nyamapanda ili pansi pa bedi la mu kabini imeneyo.

Koma apa ndinene maganizo anga, vuto la malamulo athu ndi loti anawalemba poganizira nyama, kuti isathe m'tchire, isagulitsidwe kunja. Sanaganizire kwambiri za mayi ngati inu amene mwagundana mpanda ndi chinthucho. Ku Britain ali ndi lamulo la 1976 la nyama zoopsa, munthu ukafuna kusunga ng'ona kapena njoka yaululu umakapempha ku khonsolo ya kwanuko, amatumiza dokotala wa ziweto kudzaona khola, umalipira inshuwalansi yoti chikavulaza munthu alipidwe, ndipo chilolezocho chimatha nkukachitenganso. Ndiye funso loyamba kumeneko ndi lakuti aneba ali otetezeka? Kuno munisipiyo imadziwa kulembera muluta mayi wogulitsa tomato pa msewu koma za khola la ng'ona pakati pa bairo palibe amene amayendera.

Kokanena, ine ndikanayamba kwa shefe wa kwarterao ndi sekeretaliyo wa bairo kuti pakhale umboni woti munayesa zokambirana, kenako ku SDAE ya boma lanu, ndi kumene kumakhala anthu oona za nkhalango ndi nyama, iwowo ndi amene amadziwa oyitana. Kupolisi kuli nthambi yoteteza zachilengedwe koma mukayambira kumeneko dziwani kuti nkhani yasanduka mlandu, simungaibwezenso.

Djo_Matundo:

Ine ndiye nditsutsana nanu nonse pang'ono. Chifukwa chani munthu wakuda akaweta chinthu chachilendo timathamangira ufiti kapena polisi, koma mzungu akatsegula famu ya ng'ona zikwizikwi pa damu lathu lomwe timati ndi investimento? Ng'ona zikutha anthu mu Zambezi chaka ndi chaka, ku Mutarara, ku Zumbo, ku Mágoè, amayi akuchapa ana akutunga madzi, boma limabwera mochedwa munthu atadyedwa kale, nde lero likhale ndi changu pa kang'ona kamodzi ka mu thanki? Agalu a chiwewe aluma ana angati mu bairo mwanumo, alipo anamangidwa? Ine ndimasunga akamba awiri ndi nsato yaing'ono ija amati ball python, chaka chachisanu tsopano, siinalumepo munthu, imadya khoswe mmodzi pa sabata nkugona. Osamangoti njoka njoka, mitundu ndi yosiyana. Boma lingopanga kaundula, munthu alembetse alipire, amuyendere, osati kulanda.

WakuSongo:

Djo, ball python yakoyo ikakula kwambiri ndi mita ndi theka, ikaopa imadzipinda ngati mpira nchifukwa anaitcha dzinalo. Ya ku Burma imapitirira mamita 5. Usaziike mu dengu limodzi aise. Ndipo kaundula amene ukunenayo ndi zomwe akunena aphunzitsi, kusiyana kwake nkoti iwe ukufuna alembetse chinthu chili kale pa khonde ndi njerwa pamwamba.

Mphunzitsi_Ulongwe:

A Djo, pa za mafamu muli ndi mfundo, nanenso zimandiwawa kuti phindu la ng'ona za mu Zambezi anthu a m'mbali mwa mtsinje amaliona pang'ono. Tchuma Tchato inayamba kuno ku Tete komwe m'zaka za m'ma 1990 ndi cholinga choti anthu adyeko za nyama zawo, palinso 20 peresenti ija ya misonkho ya nkhalango ndi nyama imene imayenera kubwerera ku midzi, koma kafunseni ku Bawa kumene Tchuma Tchato inayambira kuti ikufika bwanji. Imeneyo ndi nkhani yoona koma siichotsa mwana wa zaka 2 kuseli kwa mpanda wa mabango.

Za nsato yakunja ndikupatseni zitsanzo ziwiri. Ku Canada tauni ya Campbellton mu Ogasiti 2013, ana awiri apachibale wa zaka 4 ndi wa zaka 6 anakagona kwa mnzawo, nyumba yake inali pamwamba pa shopu ya ziweto. Mwini nyumba ankasunga nsato ya kuno ku Africa ya pafupifupi mamita 4 mu khola la galasi lofika kudenga, munthu wodziwa njoka zaka zambiri. Usiku inalowa mu paipi ya mpweya, denga linagwa, inagwera pamene anagona anawo, m'mawa anapezeka atafa onse awiri. Ndipo m'chigawo chimenecho lamulo loletsa mtundu umenewo popanda chilolezo linalipo kale, kungoti panalibe amene analitsata. Ndiye mukaona, kukhala ndi lamulo pa pepala ndi chimodzi, woyendera makola ndi china.

Chachiwiri ndi Florida ku America. Anthu ankagula tiana ta nsato za ku Burma mmashopu, zikakula nkuyamba kudya akalulu athunthu ankakazitaya ku madambo a Everglades. Kumeneko nkofunda ndi konyowa, zinaswana, yaikazi imodzi imaikira mazira 50 kapena kuposa, pano zatha tinyama ta m'dambomo ndipo zimameza ngakhale agwape. Mu 2012 boma la America linaletsa kuzilowetsa m'dziko, ndipo ku Florida amachita kulipira anthu kuti azizisaka, mpaka mpikisano amapanga, koma zakanika kutha. Tsono taganizani chigwa cha Zambezi mmene chimafundira, mabango a ku Revúbuè, ndani angakaipeze ikalowa mmenemo? Imodzi yokha siingaswane inde, koma madalaivala ndi angati amene akudutsa pa Cuchamano ndi pa Zóbuè tsiku lililonse, fashoni ikangogwira basi.

NamwinoWaKuAngonia:

Ndingowonjezera za kuchipatala poti palibe wanenapo. Nsato ilibe ululu, chake nkukulunga, koma anthu oweta zinthuzi sathera pa nsato, mawa adzafuna mamba ya ku India ija amati cobra kapena njoka ya mchira wolira ya ku America chifukwa ku Joni zimagulitsidwa. Dziwani kuti mankhwala a ululu wa njoka si amodzi a njoka zonse. Amene amapangidwa ku Johannesburg ndi a njoka za kuno, mphiri, songo, mamba zathuzi, ndipo ngakhale amenewo kuwapeza pa chipatala cha boma laling'ono ndi mwayi, nthawi zambiri timangotsuka bala, kuika dripi nkutumiza ku Tete. Munthu wa mphiri amafika mwendo utatupa ngati mtondo atachedwa kwa asing'anga masiku awiri. Ndiye ikakuluma ya ku Asia tidzakubaya chani? Palibe, ngakhale ku Maputo. Ndipo woluma sakhala mwini wake nthawi zonse, amakhala wantchito wosesa kapena mwana.

China amayi, musalole ana kugwira madzi a mu thankimo kapena kugwira njokayo pojambulitsa, zokwawa zonsezi ngakhale akamba a a Djo zimanyamula tizilombo ta salmonella, mwana wamng'ono akatsegula nazo m'mimba zimakhala zoopsa.

Gogo_Chiuta:

Ana inu, kale nsato sinkasungidwa mu bokosi. Ikapezeka pafupi ndi kachisi akuluakulu ankati mwabwera mwini mvula, osaipha osaigwira, imapita yokha. Ku Msinja kwa Makewana nkhani ya njoka inali ya mizimu osati ya pa khonde. Lero mwaika mu galasi mukujambula pa WhatsApp. Mayi iwe pita kwa anyakwawa kapena sekeretaliyo, utenge amayi anzako awiri atatu a nyumba zoyandikana usapite wekha, nkhani ya munthu mmodzi amati ndi nsanje.

Make_Tadala_Moatize:

Zikomo nonse, ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinachita zimene ananena agogo, tinapita amayi anayi kwa shefe wa kwarterao Loweruka, kumeneko ndinakamva kuti mayi wa kuseli kwawo anataya kale kambuzi kakang'ono koma ankaopa kunena. Lamulungu masana anawaitana bambo aja. Poyamba anakalipa kwambiri, akuti tikuwachitira kaduka, akuti wina wawanena za ufiti pa msika ndipo akudziwa kuti ndi ine, pomwe ine mawu amenewo sindinatchulepo olo kamodzi, a Nyamatcherenga mukuona zimene zimachitika. Ndiye amuna anga amene ankati tisiye aja ndi amene anawawerengera pa foni zimene analemba aphunzitsi za zaka 12 mpaka 16, bambo aja anangoti zii, kenako anafunsa kuti kodi akaipereka okha amangidwabe?

Apa mpamene tili. Ng'ona avomera kuti ichoke, akuti ikuwadyeranso ndalama zambiri, mitu ya nkhuku ndi matumbo tsiku ndi tsiku, koma iwo amafuna akaitaye mu Revúbuè usiku pa thiraki ndipo shefe wakana, akuti kumeneko nkumene amayi amachapa ndi ana kusamba ndiye tikhala tangosamutsa vuto kupatsa anzathu. Sekeretaliyo akuti apita yekha ku SDAE Lachiwiri akafotokoze kuti munthu akupereka mwa kufuna kwake. Njoka ndiye akanitsitsa, akuti anaigula ma rand ambiri ndipo adzaibweza okha ku Joni ulendo wa mwezi wa mawa, kaya ndi zoona kaya. Pakali pano ailowetsa mnyumba mwawo ndipo agula loko, njerwa zija achotsa. Akazi awo dzulo sanandiyankhe moni pa mpopi.

A WakuSongo ndifunseko, kufikira Lachiwirilo pamwamba pa thanki tingaikepo chani choti isakwere, lata ndi miyala zikwana? Kumwamba kwayamba kale kuda mbali ya ku Zóbuè.

WakuSongo:

Lata ayi mayi, imalikankha ndi mphuno ndipo dzuwa la ku Moatize pansi pa lata ifa ndi kutentha, nde mlandu wina. Apeze waya wolimba uja wa konkire, amange pa felemu ya chitsulo nkuboola simenti kumangirira ngodya zonse zinayi, mbali imodzi aikepo mthunzi wa mphasa. Madzi achepetse afike theka, ndipo aboole kabowo m'mbali kuti mvula ikagwa asadzaze kufika pamwamba. Auzeni asaidyetse kuyambira lero, ikhala bwinobwino sabata yonse osadya ndipo yokhuta imasanza poinyamula. Anthu a boma akabwera ana onse mnyumba, pakamwa amanga ndi mphira ya chubu nkuphimba maso ndi thumba lonyowa, koma mchira ndi umene umagwetsa anthu, musaime kumbuyo kwake pofuna kujambula.